Kodi Kulindira Mulungu Ndiko Kutani?

Pali mau amene timauzana kawiri-kawiri pa khomo la chalichi mapemphero akatha, kapena tikapita kukaona wodwala: “Limbani mtima, dikirani Mulungu, nthawi yake idzakwana.” Timauza mnyamata amene anatsiriza maphunziro zaka zinai zapitazo koma mapepala ake akali mu envulopu. Timauza banja limene lakhala zaka khumi popanda mwana, ndipo acibale a mwamuna ayamba kale kunong'ona. Timauza agogo amene anapuma pa nchito koma ndalama zao za penshoni sizinatuluke. Mauwa ndi oona. Koma wina akatifunsa kuti, “Cabwino, ndamva. Nanga mawa ndikauka ndicite ciani?” ambiri a ife timasowa poyambira. Ena amamva ngati tawauza kukhala pansi manja lende. Ena amamva ngati tawauza kuti aleke kudandaula cifukwa atitopetsa. Ndipo alipo amene anacoka mumpingo mwakacetecete cifukwa anadikira, cinthuco sicinabwere, naona ngati tinawanamiza.

Conco, abale ndi alongo, funso ndi ili: pamene Baibulo litiuza kulindira Yehova, monga pa Salmo 27:14 ndi pa Yesaya 40:31, litiuza kucita ciani kwenikweni?

Mau atatu amene timasakaniza

Cinyanja cili ndi mau atatu amene timawagwiritsa nchito ngati ndi amodzi, koma amasiyana. Loyamba ndi kudikira. Uku ndi kumene timacita pa siteshoni tili m'minibasi imene siinyamuka kufikira itadzaza: ukhala, uyang'ana pa windo, uyang'ana nthawi pa foni, palibe cimene ungacite. Laciwiri ndi kulindira. Amene anakulira kumudzi adziwa kulinda. Cimanga cikayamba kukhwima, kapena mapira akatulutsa ngala, munthu amamanga cilindo kumunda nakhala m'menemo kuti anyani, nguluwe ndi mbalame zisathe cakudya. Wolinda sangacititse cimanga kukhwima msanga, koma akacokapo, tsiku lokolola sadzapeza kanthu. Lacitatu ndi kuyembekezera, ndipo makolo athu sanalakwe pocha mai wapakati kuti woyembekezera. Mwanayo sanamuone, tsiku leni-leni salidziwa, koma moyo wake wonse wasintha kale cifukwa ca amene ali kudzayo: kadyedwe, kagonedwe, maulendo a ku kiliniki, tuzovala tumene asunga m'cikwama.

Kulindira Mulungu kwa m'Baibulo kufanana ndi mau awiri otsirizawa. Wolemba Salmo 130 adziyerekeza ndi alonda a usiku amene ayang'anira mbandakuca. Taganizirani mlonda wa pa sitolo ku Kamwala m'mwezi wa June, kabaula kake kali pa miyendo. Sakayika kuti kudzaca. Dzuwa silidalira iye, ndipo sangalifulumizitse. Koma usiku wonse ali pa nchito, ndipo nchito yake ndiyo kukhala maso. Paulo nayenso pa Aroma 8:22-25, pofotokoza m'mene cilengedwe conse ndi ife okhulupirira tiyembekezera ciombolo, atenga citsanzo ca mai amene ali mu zowawa za pobereka.

M'Cihebri, cinenero cimene Cipangano Cakale cinalembedwamo, mau amene ali pa Yesaya 40:31 ndi qavah. Kucokera ku mau amenewa kunabwera mau ena akuti tiqvah, amene nthawi zambiri amatanthauza ciyembekezo, koma pa Yoswa 2:18 mau omwewo ndiwo dzina la cingwe cofiira cimene Rahabi anamangirira pa windo lake ku Yeriko. Sindifuna kumanga ciphunzitso conse pa liu limodzi, koma cithunzico cithandiza. Rahabi analibe mphamvu ya kuletsa nkhondo, ndipo sanauzidwe tsiku. Anali ndi lonjezo cabe, ndi cingwe. Anamanga cingweco, nasonkhanitsa atate wake, amai wake ndi abale ake m'nyumba, nakhala. Lonjezo linali la wina, koma panali mbali imene inali m'manja mwake, ndipo anaicita.

Mlimi ndi mvula

Yakobo 5:7 atenga citsanzo cimene ife m'Zambia sitifunika kufotokozeredwa: mlimi amene alindira zipatso za m'nthaka. Achula mvula ziwiri, yoyamba ndi yotsiriza, cifukwa ku dziko la Israyeli mvula yoyamba imagwa ca mu October ndi November kufewetsa nthaka kuti afese, ndipo yotsiriza imagwa ca mu March ndi April kuti tirigu ndi barele zikhwime. Pakati pake mlimi alibe ulamuliro pa mitambo. Koma mlimi wa ku Petauke kapena ku Katete amene ayembekezera mvula simudzamupeza atagona pa mkeka mu October. Asosa munda, asakira mbeu, athamangira feteleza, akonza khasu kapena pulawo. Ndipo mbeu imene anasunga saidya, ngakhale nkhokwe itayamba kuoneka pansi. Akulu anati ndidyeretu cire anasowa mbeu.

Apa ndiyenera kunena zoona, cifukwa tonse tikumbukira nyengo ya 2023 mpaka 2024. Alimi anacita zonsezi. Anabzala, cimanga cinamera, ndipo mu January ndi February mvula inaleka. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, ndipo ananena kuti mahekitala pafupi-fupi 1 miliyoni a cimanga anaonongeka pa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa. Madzi a mu Kariba anatsika, ndipo a m'tauni tinakhala maola ambiri opanda malaiti. Pakati pa alimi amenewo panali akulu a mpingo, amai a cigwirizano, anthu amene anapemphera ndi kusala. Kodi sanalindire bwino?

Analindira bwino. Cimene caka cija cinatikumbutsa ndi cakuti kulindira Mulungu si malonda, si kuti ine ndapereka kupirira kwanga ndiye Mulungu andibwezere cimene ndinapempha pa nyengo imene ndinaika. Mneneri Habakuku, amene pa caputala 2 ayima ngati mlonda pa nsanja kuyembekezera yankho la Mulungu, atsiriza buku lake (3:17-18) ndi kuwerenga zinthu zonse zimene zingalephere, mkuyu, mpesa, azitona, minda, makola a nkhosa ndi ng'ombe, nanena kuti ngakhale zonsezi zitatha iye adzakondwerabe mwa Mulungu wake. Munthu ameneyu cimene agwira ndi Mulungu mwini, osati zokolola. Ndipo alimi athu ambiri, November wotsatira atafika, anabwereranso kumunda ndi khasu.

Pamene kulindira kwalema

Baibulo silibisa kuti anthu a Mulungu amatopa. Nthawi zambiri kutopako sikuoneka ngati kusakhulupirira. Kumaoneka ngati nzeru.

Abrahamu anali ndi zaka 75 pamene anacoka ku Harana ndi lonjezo lakuti adzakhala mtundu waukulu. Atakhala zaka 10 m'Kanani popanda mwana, Sara anabwera ndi nzeru imene mwambo wa nthawiyo unali kulola: atenge Hagara, wanchito wake. Ismayeli anabadwa Abrahamu ali ndi zaka 86. Isake anabadwa ali ndi zaka 100, zaka 25 kucokera pa lonjezo. Tikawerenga Genesis 16 ndi 21, tiyeni tione amene analipira mtengo wa njira yacidule imeneyi. Anali Hagara, mtsikana amene sanafunsidwe maganizo, amene anathawira kucipululu ali ndi pakati, ndipo pambuyo pake anathamangitsidwa ndi mwana wake ndi thumba limodzi la madzi. Mulungu anamuona namusamalira, koma misozi ija sinali yofunika. Zimenezi zikali kucitika. Banja likasowa mwana, acibale amauza mwamuna kuti “yesani kunja,” ndipo patapita zaka timapeza mai wina wosiyidwa, mwana wosadziwa kwao, ndi mkazi wa m'nyumba amene mtima wake unasweka.

Mfumu Sauli pa Giligala (1 Samueli 13) anali ndi zifukwa zomveka kuposa izi. Afilisti anali atasonkhana ku Mikimasi, anthu ake anali kubisala m'mapanga ndi kumwazikana, ndipo Samueli amene anapangana naye masiku 7 sanaoneke. Sauli anapereka yekha nsembe imene sinali yake kupereka. Atangotsiriza, Samueli anafika. Kuli kosavuta kumuweruza titakhala pa benchi pa Sondo m'mawa. Koma ndani wa ife sanayambe waganizapo kuti, “Ndikapanda kupereka kangacepe, nchito iyi idzapita kwa wina”? Kapena kuti, “Ndipite cabe kwa ng'anga kamodzi, Mulungu adzamvetsa”? Kapena kuthamangira kaloba kuti ticite lero cimene cikanatheka kukonzedwa pang'ono-pang'ono? Chimo la Sauli silinali lakuti anacita kanthu. Linali lakuti mantha anamucititsa kutenga cimene Mulungu sanamupatse.

Davide aonetsa mbali ina, ndipo iyi ndi yovuta kwambiri. Anadzozedwa ndi Samueli akali mnyamata woweta nkhosa, koma anayamba kulamulira ali ndi zaka 30, ndipo zaka zambiri za pakati anali wothawathawa. Kawiri konse Sauli anagwa m'manja mwake: m'phanga la ku Engedi, ndiponso usiku mu msasa Sauli ali m'tulo (1 Samueli 24 ndi 26). Nthawi zonse ziwiri anzake anamuuza kuti Mulungu ndiye wapereka mwai umenewu. Anali kulankhula cinenero ca cikhulupiriro. Davide anakana. Ku phanga anadula cabe nsonga ya mkanjo, ndipo ngakhale ico mtima wake unamutsutsa. Ufumu unali wake mwa lonjezo, koma sanafune kuufikira podutsa pa mtembo wa wodzozedwa wa Yehova. Timakonda kunena kuti “Mulungu watsegula khomo.” Si khomo lililonse lotseguka limene watsegula ndi Mulungu. Ngati kuti mulowepo muyenera kunama, kuba, kuswa cikwati ca wina kapena kupondereza mnzanu, khomo limenelo lisiyeni, ngakhale kuseri kwake kuli cinthu cimene mwapempherera zaka zambiri.

Aneneri awiri, zaka ziwiri ndi zaka 70

Nkhani imene ndiona kuti mpingo wa lero ufunika kuiwerenga mobwereza-bwereza ili pa Yeremiya 28 ndi 29. M'caka ca 597 Khristu asanabadwe, Nebukadinezara mfumu ya Babulo anatenga mfumu ya Yuda, akalonga, amisiri ndi ziwiya za m'kacisi kupita nazo ku Babulo. Otsala ku Yerusalemu ndi otengedwa onse anali ndi funso limodzi: zidzatha liti?

Mneneri wina dzina lake Hananiya anaimirira m'kacisi pamaso pa ansembe ndi anthu, nalengeza m'dzina la Yehova kuti zaka ziwiri zisanathe, ziwiya zidzabwerera, mfumu idzabwerera, ndi andende onse. Yeremiya anali atavala goli la mtengo m'khosi monga cizindikilo ca ukapolo, ndipo Hananiya analicotsa nalithyola anthu akuona. Mungathe kuganiza m'mene anthu anakondwera. Yeremiya anayankha kuti akanakonda zitatero, koma mneneri wolosera mtendere adzadziwika pamene mau ake akwaniritsidwa. Pambuyo pake anabwerera ndi uthenga wakuti m'malo mwa goli la mtengo padzakhala la citsulo, ndi kuti Hananiya wacititsa anthu kukhulupirira bodza. Hananiya anafa caka comweco, patapita miyezi iwiri. Zaka zocepa pambuyo pake Yerusalemu yense anapasulidwa ndi kacisi anatenthedwa.

Kwa andende ku Babulo Yeremiya analemba kalata. Anawauza kuti ukapolo udzatenga zaka 70. Ndipo cimene anawauza kucita m'zaka zimenezo ndico cimayankha funso lathu. Amange nyumba ndi kukhalamo. Alime minda ndi kudya zipatso zake. Akwatire, akwatitse ana ao, aculuke. Afunire zabwino mzinda umene anatengedwako ndi kuupempherera, cifukwa mzindawo ukakhala pa mtendere iwonso adzakhala pa mtendere. Sanawauze kukhala pa akatundu ao omanga-manga kuyang'ana njira ya ku Yerusalemu. Sanawauzenso kuiwala kwao ndi kusanduka Ababulo. Anawauza kukhala moyo wathunthu, wokhulupirika, pamalo pamene sanasankhe, akugwira lonjezo limene ambiri a iwo sadzaliona ndi maso.

Vesi 11 la caputala 29, lija lonena za malingaliro abwino amene Mulungu ali nao pa anthu ake, timalikonda kwambiri. Lili pa makalenda, pa masikipa, pa mauthenga a pa WhatsApp. Koma lili pambuyo peni-peni pa vesi 10, lonena za zaka 70. Munthu amene anamva kalatayi ali ndi zaka 40 anadziwa kuti manda ake adzakhala ku Babulo. Lonjezo linali loona, ndipo linakwaniritsidwa pamene Koresi mfumu ya Perisiya analola Ayuda kubwerera, koma amene anayenda ulendowo ambiri anali ana ndi adzukulu.

Ahananiya sanathe. Alipo amene adzakuuzani kuti mwezi uno usanathe mudzalandira kalata ya nchito, kuti caka cino mudzanyamula mwana, mukangogula mafuta awa kapena madzi awa, mukangofesa mbeu ya ndalama zakuti-zakuti. Ndipo tsikulo likapita popanda kanthu, mlandu umagwera inu: munalibe cikhulupiriro, munapereka zocepa, pali wacibale amene akumangani. Ife tikhulupirira kuti Mulungu amaciritsa, amapatsa ana, amatsegula njira, ndipo nthawi zina amacita msanga kuposa m'mene tinapemphera. Koma amene akugulitsani tsiku limene Mulungu sanalonjeze sakuthandizani kulindira. Akucotsani khasu m'manja, ndi ndalama ya mbeu yomwe.

Zimene sitiyenera kuzicha kulindira

Mau awa akhoza kukhala cobisalirapo, ndipo pena ife atsogoleri tawagwiritsa nchito molakwa.

Mai amene amenyedwa ndi mwamuna wake sitiyenera kumubweza kunyumba ndi mau akuti “pirirani, dikirani Mulungu adzamusintha.” Davide analindira ufumu, koma Sauli atamuponyera mkondo anathawa. Kucoka pamalo pa ngozi ndi kukanena kwa akulu a mpingo ndi kupolisi si kucepa cikhulupiriro. Wodwala amene ali pa mankhwala a ARV, a shuga kapena a BP asaleke kumwa poti alindira mciritso. Pempherani, ndipo imwani mankhwala. Wacinyamata amene afuna nchito apitirize kulemba makalata, aphunzire luso lina, agulitse tomato ngati ndi cimene cilipo, osacita manyazi. Ku Tesalonika kunali ena amene analeka kugwira nchito nayamba kudya za anzao, ndipo Paulo sanawayamikire kuti ndi auzimu. Anawalamula kugwira nchito mwakacetecete ndi kudya zao-zao (2 Atesalonika 3:10-12). Ngakhale pa Nyanja Yofiira, Mose atauza anthu kuti aime ndi kuona cipulumutso, Mulungu anamufunsa cifukwa cake akali kupfuulira kwa Iye, namuuza kuti anthu anyamuke (Eksodo 14:13-15).

Nanga munthu adziwa bwanji nthawi ya kuima ndi nthawi ya kuyenda? Sindinganene kuti nthawi zonse ndi capafupi. Koma zambiri zimamveka tikasiyanitsa zimene Mulungu watilamula ndi zimene watilonjeza. Zimene walamula sizifuna kulindira: kukhululukira, kubweza nkhongole, kupepesa, kugwira nchito, kusamalira makolo, kuleka chimo limene tilidziwa. Munthu amene akuti “ndikali kudikira kuti Mulungu andilankhule” pa nkhani ya kubweza ndalama za mnzake sakulindira Mulungu, akuzengereza cabe. Koma zimene zili m'manja mwa Mulungu yekha, monga kutsegula mimba, kusintha mtima wa mwana wolowerera, kugwetsa mvula, kuweruza amene anatilakwira, izo sitingazikakamize, ndipo tikayesa timabala Ismayeli.

Kulindira sikutanthauzanso kukhala cete ngati palibe cikuwawa. Kwathu timalemekeza munthu wosadandaula, ndipo mwina ndiye cifukwa cake timacita mantha ndi mapemphero ena a m'Baibulo. Salmo 13 lifunsa Mulungu kanai konse kuti zidzatha liti. Salmo 88 litha popanda liu limodzi la citonthozo. Hana analira ku Silo kufikira wansembe Eli anamuyesa woledzera. Anthu awa sanacimwe. Anapita ndi kuwawa kwao kwa Mulungu, m'malo mopita nako kwina. Amene akali kukangana ndi Mulungu m'pemphero sanamusiye. Amene ndimada naye nkhawa ndi uja amene waleka ngakhale kufunsa.

Cimene talonjezedwa

Yesaya 40 analembera anthu amene anali kunena kuti Mulungu saona njira yao ndipo mlandu wao wauiwala (vesi 27). Yankho limene apatsidwa silichula tsiku. Liwakumbutsa kuti Mlengi satopa, kuti ngakhale anyamata amphamvu amalefuka ndi kugwa, ndi kuti olindira Yehova amapatsidwa mphamvu zatsopano. Vesi 31 lichula zinthu zitatu: kuuluka ngati ciombankhanga, kuthamanga, ndi kuyenda. Timakonda kuimba za kuuluka. Koma taonani kuti mndandandawo utsirizira pa kuyenda. Masiku ambiri a Mkhristu si a kuuluka. Ndi a kuuka, kuphika, kupita kucipatala kukasintha wodwala, kubwerera, kupemphera pemphero lomwe lija la dzulo. Mai amene wasamalira mwana wolemala zaka 15 ndipo akali kubwera ku mapemphero, lonjezo ili lakwaniritsidwa pa iye, ngakhale palibe amene adzamuitana kutsogolo kuti apereke umboni.

Tiyeneranso kunena poyera cimene timaopa kunena: ena adzalindira kufikira imfa osalandira cimene anapempha. Ahebri 11 ichula ngwazi za cikhulupiriro, ndipo kawiri (vesi 13 ndi 39) inena kuti anafa asanalandire zolonjezedwa. Paulo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi lake ucotsedwe, ndipo anapatsidwa cisomo m'malo mwa kucotsedwa kwa mungawo. Mulungu sanalonjeze Mkhristu aliyense cikwati, mwana, kapena nchito ya muofesi. Analonjeza kuti sadzatisiya, kuti macimo athu akhululukidwa mwa Khristu, kuti akufa adzauka, ndi kuti Ambuye Yesu adzabweranso kudzakonza zonse zimene zinakhota. Kulindira kwathu kwakung'ono konse kuli mkati mwa kulindira kwakukulu kumeneku. Ndipo 2 Petro 3:9 itiuza kuti cimene ife ticiona ngati kucedwa ndi kuleza mtima kwa Mulungu, amene apatsa anthu nthawi ya kulapa. Yesaya 30:18 afika ponena kuti Yehova nayenso alindira, kuti aticitire cifundo.

Simeoni, pa Luka 2, anali nkhalamba imene inalindira kuti Mulungu atonthoze Israyeli. Tsiku lake litafika, sanaone Aroma akuthamangitsidwa kapena ufumu ukukhazikitsidwa. Anaona banja losauka, lobwera ndi nsembe ya mbalame ziwiri, ndi khanda la masiku 40. Anazindikira, nalinyamula, nati tsopano akhoza kupita mu mtendere. Ansembe ndi anthu ambiri anali m'kacisi tsiku lomwelo, koma amene anazindikira anali iye ndi Ana, mai wamasiye wokalamba amene sanali kucoka m'kacisi. Makolo anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Zaka za kupemphera zinawaphunzitsa kuzindikira yankho la Mulungu litabwera m'maonekedwe amene ena sanawayembekezere.

Osalindira yekha

Yesu asanakwere kumwamba anauza ophunzira ake kuti asacoke m'Yerusalemu koma alindire lonjezo la Atate (Macitidwe 1:4). Sanawauze kuti masiku adzakhala angati. Anakhala masiku 10 kufikira Pentekoste. Sanabalalike aliyense kunyumba kwake. Anali anthu ngati 120, amuna ndi akazi, pamodzi ndi Mariya amai a Yesu, ndipo anali kupemphera pamodzi, kusanthula Malembo, ndi kukonza zimene zinafunika kukonzedwa, monga kusankha Matiya kulowa m'malo mwa Yudasi.

Apa ndi pamene ife monga mipingo tifunika kudzifunsa. Pa maliro timadziwa cocita: timasonkhana, timagona pamenepo, timasonkha ufa ndi nkhuni. Koma munthu amene vuto lake latenga zaka zisanu timamuzolowera. Mwezi woyamba timamupempherera ndi moto, wacitatu timamufunsa kuti “zili bwanji?”, caka cikatha timayamba kumulambalala cifukwa tasowa conena. Nthawi ya maumboni timapatsa mpata okhawo amene alandira, ndipo wolindira amabwerera kunyumba akudzifunsa cimene analakwa. Pa tsiku lobatiza kapena kudalitsa ana, pali mai amene amakhala kumbuyo ndi kutuluka nyimbo yotsiriza isanathe, ndipo ambiri a ife timamudziwa.

Akulu a mpingo, madikoni, amai a cigwirizano ndi atsogoleri a acinyamata, m'cigawo ciliconse muli anthu otere, ndipo maina ao muwadziwa. Agawaneni. Wina apite kwa agogo a penshoni aja, awaperekeze ku maofesi ndi kuwathandiza kulemba makalata. Wina amene ali ndi shopu kapena galaji atenge mnyamata uja amuphunzitse nchito pamene akali kufuna ina. Banja lopanda mwana liitanidwe ku cakudya popanda wina kuwapatsa dzina la mankhwala kapena la mneneri. Ndipo mukafika pakhomo, simufunika kubwera ndi yankho. Funsani m'mene agonera, khalani pansi, werengani nao Salmo limodzi, ndipo musanacoke muwauze tsiku limene mudzabweranso.